A Gwedeza ndi Gudu wa mu Njati

Funsani aliyense mumsewu mwathu muno akuuzani: a Gwedeza sankatha kudutsa galimoto yoima osaigwedeza. Kaya ndi ya ndani, kaya mwini wake ali momwemo, kaya iwo akuthamangira kuchimbudzi, ankayamba aima, n'kuika manja onse awiri pakona ya galimotoyo, n'kukanikiza ndi thupi lonse, kenaka n'kusiya. Akatero ankapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba, kumvetsera. Galimoto ikadzuka n'kuima nji, ankaisisita n'kunena kuti, "Uli bwino iwe." Ikapitiriza kuvina yokha, ankapukusa mutu mwachisoni. "Mashoko anatsanzika kalekale, mwatsala inu nokha osadziwa." Moni wa mwini galimoto unkabwera pambuyo, ngati wakumbukika.

Dzina lawo lenileni linalipo ndithu, koma linachita dzimbiri chifukwa chosagwiritsidwa ntchito. Ine ndinkawaitana achimwene, akazi awo n'kumawati alamu, ngakhale panalibe chibale cha magazi. Ntchito yanga ndi yomata matayala. Shedi yanga inagundana ndi galaja yawo, pakati pathu panali lata limodzi lobookabooka, ndiye zimene ndikuuzanizi si zakumva ayi, ndinkazionera pabowo. Iwo ankanditcha Mpweya. Amati ndimagulitsa chinthu chimene Mulungu anapereka chaulere.

Loweruka lina galimoto ya akwati inaima pa shedi yanga, tayala lakumbuyo litachepa mpweya. Maluwa ali mbwee, maliboni ali petupetu, mkwatibwi ali phee mkatimo ndi velo yake. Ine ndili kalikiliki ndi pampu, ndinangoona galimoto yonse ikuti nyekhe, nyekhe. Mkwatibwi anakuwa. Mkwati anagunda mutu kudenga.

"Bambo inu, mutu wanu ukuyenda bwino?" anakalipa dalaivala.

"Wanga ukuyenda," anatero a Gwedeza. "Chimene sichikuyenda ndi shoko yakumbuyo kumanzere." Kenaka anasuzumira pawindo n'kuuza mkwati uja, "Mwana wanga, banja ndi kupirira, koma usayambire kupirira pa mabampu. Mukatha zanuzi, ibwere Lolemba."

Mukuseka, koma Lolemba inabweradi.

Galaja yawo sinali yokonza mavuto onse a galimoto. Mukawabweretsera vuto la injini ankakulozerani kwa anzawo kumunsi kwa msewu. Iwo chawo chinali kunsi kwa galimoto, miyendo yake: mashoko, masipuling'i, mabushi ndi zonse zimene zimachititsa kuti munthu ufike kumene ukupita mano ako ali onse. Ndipo chida chawo chachikulu sichinali m'bokosi la zipangizo.

"Makutu amanama, Mpweya," ankandiuza. "Maso ndiye akatswiri a bodza. Koma matako sanama."

Ankakhala pampando wakutsogolo, n'kutsinzina, n'kuuza mwini galimoto kuti ayendetse kudzera kamsewu kokumbika kakuseri kwa chigayo. Pobwera amakhala atadziwa kale kuti vuto lili kutsogolo kapena kumbuyo, kumanja kapena kumanzere. Pa chifukwa chimenechi sankakhalira khushoni, ngakhale kutchalitchi. Ovololo yawo itaperepeseka kumbuyo mpaka kuyamba kuonetsa zamkati, alamu anatenga nsalu yokhuthala kuti aikepo chigamba. Nkhondo yake inamveka mpaka kwa ine.

"Amayi, mukufuna kunditseka makutu?"

"Ndikufuna kutseka maso a anthu, abambo!"

Anagwirizana chigamba chopyapyala.

Chinanso chimene anthu ankachiopa chinali mafunso awo. Munthu amafika n'kunena kuti, "Galimoto yangayi ikulira."

"Ikulira bwanji? Mwana amalira, mbuzi imalira, belu limalira. Lirani mmene ikulirira."

Ndaonapo abambo a mataye, amayi a zikwama zonyezimira, ataima pakati pa galaja akuti "kwii, kwii," kapena "ngwe, ngwe, ngwe," a Gwedeza akuwaongolera ngati wophunzitsa kwaya. "Kwezani pang'ono. Mapeto akewo, bwerezaninso." Sikunali kuwaseka ayi. Kulira kulikonse kunali ndi tanthauzo lake. Kwii kwii ndi masipuling'i ouma, akupempha girisi. Ngwe ngwe ndi nati yomasuka, imange isanagwere mumsewu. Koma gudu, mawu olemera aja omveka kamodzi tayala likagwa m'dzenje, ameneyo ndi bushi, kamphira kamene kamaletsa chitsulo kumenya chitsulo chinzake. Kakatha, mafupa a galimoto amayamba kugundana. Ndipo akafuna kutsimikiza, ankatenga sikuludiraiva yaitali, nsonga n'kuigunditsa pamalo okayikitsawo, chigwiriro n'kuchiika kukhutu, wina akugwedeza galimoto.

Nkhani imene imakambidwabe mpaka lero ndi ya a Butchala. Munthu uja Mulungu anamudalitsa thupi, tisabise. Anabwera akudandaula kuti kagalimoto kawo konyamulira nyama kakupendekera mbali ya dalaivala, ndipo anali atagula kale sipuling'i yatsopano kuti iikidwe. A Gwedeza anazungulira, anagwedeza, analowa pansi, anatuluka, anayeza kutalika kwa mbali zonse ndi kandodo.

"Takwerani, bwana."

A Butchala anakwera. Galimoto inati nyoo, kupendekera kumanja.

"Tatsikani."

Anatsika. Galimoto inadzuka, kuongoka bwinobwino.

"Takweraninso."

"Kodi ndabwera kudzachita masewera olimbitsa thupi?"

"Zikanathandiza," anatero a Gwedeza. "Bwana, sipuling'i ilibe mlandu. Kaibwezeni kumene munaigula. Vuto limakwera m'mawa n'kutsika madzulo."

A Butchala anachoka atatupa ngati chule, osatsanzika. Koma patapita masiku tinayamba kuwaona akuyenda atakhazika thumba la mchenga pampando wa pasinjala, galimoto ili chilili, yowongoka ngati rula. Nzeru ya thumbayo anawapatsa ndi a Gwedeza omwewo, mwakachetechete, kuseri kwa butchala.

Matenda ogwedezawa sankathera pa magalimoto. Masana kukatentha tinkakhala pa matayala akale kutsogolo kwa shedi yanga, iwo n'kumapima anthu odutsa. "Uyo akukokera kumanzere. Mayi awo katundu wachuluka kumbuyo, koma masipuling'i ndi olimba. Mphunzitsi uyo nsapato ikudya mbali imodzi." Ine ankati ndimayenda ngati tayala lokhala ndi chotupa. Msewu wonse anaupima n'kuupeza ndi vuto, kupatula munthu mmodzi yekha.

Tsopano ndikuuzeni za Njati. Imeneyi inali galimoto yawoyawo, chigalimoto chakale cha m'tchire, chija chokoka ndi matayala onse anayi, chamakonamakona ngati kabati. Penti yake palibe ankadziwa kuti poyamba inali ya mtundu wanji. Chitseko chakumbuyo chinkatsegulidwa ndi mawu okoma komanso bondo. Koma kunsi kwake, abale, mukanatha kuyalako mphasa n'kugona. Loweruka lililonse ankaitsuka matope kunsi, amati matope amasunga chinyezi ndipo chinyezi chimadya chitsulo. Ankapopera girisi paliponse pamene pali kamlomo kolandirira girisi, n'kuyendera manati onse ndi sipanala yawo yokondedwa, ija yopindika pang'ono kumchira. Wina akanena kuti aigulitse kwa ogula zitsulo zakutha, ankayankha kuti, "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo."

Alamu ankaitcha mkazi mnzanga. "Ine msana ukandipweteka amandiuza kuti ndimwe madzi ambiri. Mkazi mnzanga akangoti kwii, tchuthi cha mlungu wathunthu."

Msana wa alamuwo unalidi wovuta, ndipo ndi pamene pagona nkhani. Mwana wawo mmodzi yekhayo, wamkazi, anakwatiwa kuseri kwa mapiri, kumene mwamuna wake ankayang'anira munda wa mitengo. Msewu wopita kumeneko si msewu, ndi malo amene msewu ukanadutsa. Minibasi sizifikako. Njinga zamoto zimafika, koma alamu akanakwera imeneyo akanakatsika ali zidutswa ziwiri. Mvula ikangoyamba, mtsinje wa pakati umadzaza, ndipo kumeneko kumatsekeka mpaka dzinja litatha. Galimoto yokhayo imene inkatha kuwafikitsa alamu bwinobwino inali Njati.

Chaka chimenecho, chilimwe chili pakati, kunabwera uthenga woti mwana uja wachira, wabereka mwana wamkazi. Mdzukulu woyamba! Alamu analulutira mpaka agalu a mumsewu anayankha. Analuka kachipewa ndi timasokosi, analongedza chikwama, n'kuchiika pafupi ndi chitseko. Ulendo unali wa Loweruka.

Lachinayi a Gwedeza anati akaiyese kaye Njati kuseri kwa chigayo. Ine ndinayendetsa, iwo ali pampando wawo, maso ali tsinzinu. Tayala linagwa m'dzenje loyamba.

Gudu.

Maso anatseguka. "Wamva, Mpweya?"

"Ndamva kanthu kakang'ono."

"Kulibe kanthu kakang'ono. Bwerera, ulowenso m'dzenje lomwelo."

Gudu.

Ulendo wa Loweruka unafera pomwepo. Alamu anayesa kuchonderera, anayesa kukalipa, koma a Gwedeza pa nkhani imeneyi anali mwala. Ndinawamva ndi makutu angawa akunena, ndipo sankaseka. "Amayi, galimoto ikagogoda ndiye kuti ikukuuza kanthu. Ine sindinamve chimene ikunena. Ndikunyamuleni inu, ndi msana wanuwo, kukwera nanu mapiri aja pa chinthu chimene sindikuchimva? Chikakathyoka pamtsetse, mwana uja ndikamuuza kuti chiyani? Ndipatseni masiku awiri."

Masiku awiri aja anabereka ana ndi zidzukulu. Anasintha mabushi akutsogolo kumanzere, poti gudu ankamvekera pansi pa mpando wawo. Tinapita kuchigayo. Gudu. Anamasula mashoko onse, kuwakanikiza ndi manja mmodzimmodzi, onse ali amoyo. Gudu. Anamanga mabawuti ogwira masipuling'i mpaka misempha ya m'khosi kutuluka. Anatsitsa tayala lapadera, jeke, bokosi la zipangizo, mpaka mipando yakumbuyo. M'menemo tinapezamo supuni, ambulera yothyoka ndi magalasi amene alamu anawafunafuna chaka chonse, koma gudu sitinamupeze.

Chimene chinkawazunguza mutu n'chakuti gudu ameneyu anali woyendayenda. Akakhala kutsogolo, amamveka kutsogolo. Akasamukira kumbuyo kumanja kuti amumvetsere bwino, naye amasamukira komweko. Tsiku lina anagona chafufumimba pansi kumbuyo, khutu lili pa chitsulo, ine n'kudutsa maenje onse a kuchigayo. Kunali zii.

"Wandiona," ananong'ona. "Akudziwa kuti ndikumusaka."

Anatsika n'kuima pambali pa msewu kuti amvetsere ali kunja, ine n'kumadutsa ndekha, kupita ndi kubwerera, mpaka wachigayo anatuluka kudzafunsa ngati tataya kanthu. Njati inali chete ngati ili m'tchalitchi. Atangokweranso, dzenje loyamba lomwelo, gudu.

"Achimwene," ndinatero, "bwanji tingopita? Mwina ndi kulira kwa ukalamba chabe."

"Mpweya, za mpweya uzinena iwe. Za miyendo undisiyire ine. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Nkhani inafala. Madalaivala amene a Gwedeza anawaliritsapo pakati pa galaja anayamba kudutsa dala. "Madala, ikulira bwanji? Talirani timve!" A Butchala anaimitsa kagalimoto kawo, thumba la mchenga lili pambali, n'kufunsa mwaulemu wonse ngati angabwereke lina. A Gwedeza ankaseka nawo, koma ine amene ndinkawaonera pabowo la lata ndinkadziwa kuti zikuwadya. Munthu amene sanagonjepo kwa phokoso lililonse la galimoto ya mwini, akugonja pakhomo pake. Anayamba kuonda. Ankakhala pansi pa Njati nthawi yaitali osagwira kanthu, akungoyang'ana zitsulo.

Kunyumba nako zinthu sizinali bwino. Chikwama chija chinali pomwe paja pafupi ndi chitseko, chikutola fumbi. Kachipewa kaja alamu anakamasula n'kukalukanso kokulirapo, poti mwana sadikira mabushi. Kenaka anakamasulanso kachiwiri. Madzulo ankaima pakhonde kuyang'ana kumapiri, kumene mitambo inali itayamba kusonkhana, ndipo mphepo inali itayamba kununkha mvula. Tsiku lina ndinawapeza akupukuta maso ndi nsonga ya nsalu.

"Alamu, mdzukulu wanga adzayamba kuyenda ndisanamunyamule," anandiuza. "Adzandiona n'kuthawa, kuyesa mlendo. Zengerezu analinda kwaukwau, koma bambo awa sakumva."

Zinandikhudza, sindikubisa. Ndinawamvera chisoni onse awiri, ndipo sindinkadziwa kuti ndiime mbali iti.

Lamulungu masana alamu anandiitana kukamwa tiyi. Tinakhala pabalaza, pamene panali mipando itatu, kabati ya magalasi ndi kalendala ya chaka chapita imene inasungidwa chifukwa cha chithunzi cha galimoto. Njati inali panja pawindo, injini yozima, makiyi ali patebulo. Kunja kunagunda bingu lakutali, alamu n'kuyang'ana amuna awo ndi diso lija loti mwamva. A Gwedeza anaika kapu pansi, anagwira m'mbali mwa mpando, n'kudzuka kuti apite kukagwadiranso zitsulo zawo.

Gudu.

Tonse tinaumva, momveka bwino ngati munthu wagogoda pachitseko. A Gwedeza anathamangira pawindo, maso ali tong'o.

"Mwamva? Mwamva, anthu inu? Tsopano yayamba kugogoda ili chiimire!"

Ine ndinayang'ana alamu. Alamu anayang'ana ine. Kenaka anaika zoluka zawo pambali pang'onopang'ono.

"Abambo, tabwerani mukhale pansi."

"Amayi, mundisiye, ndikufuna ndiipeze ikadali yotentha."

"Ndati takhalani."

Anakhala.

"Tadzukani."

Gudu.

"Takhalaninso."

"Kodi ndabwera kudzachita masewera olimbitsa thupi?"

Atangotero anagwira pakamwa, poti anazindikira kuti mawu amenewo mwini wake ndi a Butchala. Alamu anazungulira kumbuyo kwawo, anaika manja onse awiri pamapewa a amuna awo, n'kukanikiza ndi thupi lonse, kenaka n'kusiya. Anapendeketsa mutu ngati nkhuku yoona mphamba. Zaka zonse zija tinkayesa kuti mayi aja sankaonera ntchito ya amuna awo!

"Alamu," anandiuza, "kanditengereni sikuludiraiva yaitali ija."

Ndinathamanga. Ndinagunditsa nsonga yake mofatsa pa nyonga yakumanzere ya a Gwedeza, chigwiriro kukhutu kwanga, alamu n'kulamula kuti galimoto igwedezeke. A Gwedeza anapinda mwendo n'kuuwongola. Abale inu, khutu langa linachita kulira. Gudu anali mmenemo, wathunthu, wonenepa, yemwe uja tinamusaka kuchigayo chilimwe chonse.

"Achimwene," ndinatero, ndikuluma mlomo, "sipuling'i ilibe mlandu."

Alamu anayamba ndi iwo kuseka. Anaseka mpaka anakhala pansi, misozi ili chuchuchu, akumenya simenti ndi chikhatho. Ine ndinaseka mpaka tiyi anatulukira m'mphuno. Koma titayang'ana a Gwedeza, kuseka kunatithera. Anali atakhala pampando, dzanja lili panyonga, akuyang'ana Njati pawindo. Nkhope imeneyo ndinali ndisanaionepo. Anali ndi manyazi, komanso anali ndi mantha.

"Ndinamunamizira," anatero motsitsa. "Ndamumasulamasula mnzanga chilimwe chonse, iye ali bwinobwino." Anasisita nyonga ija. "Chiuno chimenechi chakhala chikundiwawa kuyambira chaka chatha. Ndimati ndi simenti yozizira ya pansi pa galimoto."

"Osandiuza ine bwanji?" anafunsa alamu.

"Mukanandiuza kuti ndimwe madzi ambiri."

Alamu anawamenya kambama kakang'ono paphewa, kenaka dzanjalo linakhala pomwepo osachoka.

"Nanga bushi wa mtundu umenewu," anafunsa a Gwedeza, "amagulitsa kuti?"

Bingu linagundanso, pafupi kuposa poyamba. A Gwedeza anapukuta kumaso ndi chikhatho, n'kutola makiyi patebulo.

"Mpweya, kabwezeretse mipando. Uyeze matayala onse, ndi lapadera lomwe. Amayi, kachipewa kaja kakukwana ndani pano?"

Tinanyamuka m'mawa mwake. Ine ndinayendetsa, alamu ali pakati atazunguliridwa ndi mapilo, a Gwedeza ali kuwindo. Njati inakwera mapiri aja ngati mtsikana. Dzenje lililonse gudu ankayankha, ndipo nthawi iliyonse a Gwedeza ankakweza dzanja n'kunena kuti, "Ndine, musadandaule." Pofika pamtsinje madzi anali akadali m'mawondo. Tinawoloka.

Za kumene tinafikako sindinena zambiri, poti ndingayambe kulira pamaso panu. Alamu anadumpha miyendo ya amuna awo n'kutsika galimoto isanaime bwinobwino, msana ataiwala kuti ndi wovuta. Kachipewa kanakwana ndendende. Mwana atafika m'manja mwa agogo ake aamuna, anamuimiritsa pamiyendo pawo, anamukanikiza pang'ono timapewa, n'kusiya. Kamwana kanadzuka n'kuti njo, njo, kakuseka.

"Mashoko atsopano," anatero a Gwedeza. "Awa ndiye a ku fakitale enieni."

Mvula inatipeza pobwerera, titangowoloka mtsinje.

Kuchipatala anapita, alamu atawakoka. Anauzidwa kuti fupa lapanyonga laperepeseka pamene limazungulira, anapatsidwa mankhwala, n'kulangizidwa kuti aziyenda ndi ndodo. Anabwera akusimba kuti dokotalayo ndi mnyamata wodziwa ntchito, kungoti sanawafunse kuti ikulira bwanji. Ndodo anaipanga okha kuchokera ku chitsulo chakale cha chiwongolero cha Njati. Kulowa pansi pa magalimoto anachepetsa, koma kugwedeza sanasiye. Ankakoloweka ndodo pagalasi la galimoto ya mwini, n'kukanikiza monga kale. Kungoti tsopano gudu akamveka ankayamba afunsa kuti, "Ameneyo ndi wanu kapena wanga?"

Anakhala nafe zaka zingapo ndithu chichitikireni zimenezo. Chilimwe chilichonse tinkakwera mapiri, ndipo mdzukulu uja anakula akudziwa kuti agogo ake amagogoda. Kenaka chaka china kutazizira anadwala chifuwa, masiku ochepa chabe, n'kutisiya. Munthu amene moyo wake wonse ankati chinthu chisanathyoke chimayamba chalira, iye anapita mwakachetechete.

Tsiku loika maliro magalimoto anadzaza msewu wonse mpaka kuchigayo. Ndinayang'ana mzere umenewo, magalimoto onse aja ataima phee popanda wowagwedeza, ndipo m'pamene ndinalira.

Chilimwe chotsatira alamu anandipempha kuti ndiwaperekeze kwa mwana wawo. Ndinapopa matayala, ndinapopera girisi m'timilomo tonse monga ndinkaonera pabowo, tinanyamuka awiri. Tinadutsa kuchigayo. Tayala linagwa m'dzenje loyamba lija, ine n'kudikira osadziwa kuti ndikudikira. Kunali zii. Dzenje lachiwiri, zii. Njati inkayenda mofewa, mosalala, popanda ngakhale kwii. Munthu uja anaisiya ilibe vuto ngakhale limodzi, ndipo sindinayendepo ulendo wowawa ngati umenewo.

Titayamba kukwera phiri loyamba alamu anati, "Alamu, taimani."

Ndinaima, kuyesa kuti msana wayamba. Anatsegula chikwama chawo cham'manja, n'kutulutsa sipanala ija yopindika kumchira. Anawerama movutikira, n'kuiika pansi pa mpando wakuwindo, pa chitsulo chenicheni, osaikulunga ndi kanthu.

"Tiyeni."

Tayala linagwa m'dzenje. Gudu.

"Eya," anatero alamu, akuyang'ana kutsogolo. "Tamva, abambo."

Sipanala ija ili momwemo mpaka lero. Galaja inatsekedwa, lata lobooka lija silionetsanso kanthu koma mdima, ndipo masana ndimakhala ndekha pa matayala akale, anthu n'kumadutsa osapimidwa. Magalimoto a mumsewu muno akuvina mmene akufunira, eni ake osadziwa. Njati imaima pomwe inkaima, pafupi ndi windo la pabalaza. Ndipo ndaona kuti anthu akamadutsa, madalaivala, wachigayo, ngakhale a Butchala, amayang'ana uku ndi uku, n'kuika manja pakona yake, n'kukanikiza, n'kusiya. Ine ndimatero m'mawa uliwonse ndisanatsegule shedi. Sipanala imagunda pansi pa mpando, ndipo alamu amayankhira m'nyumba, osasuzumira n'komwe kuti aone amene wagwedeza.

"Abambo adzuka bwino, alamu. Kaya inu?"